Dzuwa Ndi Laulere, Koma Mawaya Afunika Mlonda

 Ine ndakalambira pa ntchito ya zamagetsi, zaka zambiri ndili ku Mangalande, ndipo chibwerere changa anthu amandifunsa funso limodzimodzi: dzuwa tili nalo losasowa, nanga bwanji osangodzaza dziko lonse ndi masola kuti kuthimathima kwa magetsiku kuthe? Funsoli n'labwino, ndipo ndiliyankha mosapsatira mawu.

Poyamba timvane chinthu chimodzi. Magetsi si chimanga choti n'kusunga m'nkhokwe. Amene akuyatsa nyale m'holo muno akupangidwa nthawi yomwe ino, ndipo mawaya angowanyamula basi. Tsono opangidwa ndi ogwiritsidwa ntchito ayenera kulingana nthawi zonse, usana ndi usiku. Magetsi athu amagunda maulendo 50 pa sekondi imodzi. Akachepa, kugundako kumatsika, ndipo kukatsika kwambiri makina amadzizimitsa okha poopa kupsa.

Nonse mwaimapo pa chigayo cha dizilo. Mnyamata wapachigayo akathira chimanga chambiri nthawi imodzi, mumamva injini ikubuula, koma siizima pomwepo, pakuti chigudumu chake cholemera chija chimapitirira kuzungulira kufikira iye atachepetsa chimanga. Makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire ndi zigudumu zotero, zitsulo zolemera zozunguliridwa ndi madzi. Pakachitika vuto pa mawaya, kulemera kwawoko kumatipatsa masekondi angapo oti zinthu zikonzeke. Sola ilibe chozungulira. Imapereka magetsi kudzera mu inverter, ndipo mtambo ukaphimba dzuwa mphamvu yake imatsika mofulumira. Masola akamachuluka pamene zigudumu zili zomwe zija, m'pamene mlonda ayenera kukhala maso.

Izi ndinaziona ndi maso anga. Pa 9 Ogasiti 2019, nthawi isanakwane 5 koloko madzulo, mphezi inagunda mawaya akuluakulu kumpoto kwa London. M'masekondi ochepa makina amphepo a ku Hornsea, amene ali panyanja, ndi makina a gasi a ku Little Barford anasiya kupereka magetsi. Kugunda kuja kunatsika kufika pa 48.8, ndipo zipangizo zotetezera zinadula nyumba ndi malo antchito oposa 1 miliyoni kuti dziko lonse lisagwe mumdima. Magetsi anayakanso ola lisanathe, koma masitima ena anaima mpaka usiku, ndipo ine ndinali mmodzi mwa anthu amene anasowa chokwera. Onani, abale, kuti tsiku limenelo sikuti mphepo inaleka kuomba. Chinavuta n'chakuti makina awiri anachoka nthawi imodzi, ndipo mphamvu imene inasungidwa yodikirira ngozi inachepa.

Ku South Australia zinafika poipa. Mu Sepitembala 2016 namondwe anagwetsa nsanja za mawaya, ndipo makina amphepo ambiri anadzichotsa okha chifukwa anatcheredwa kuti magetsi akagwedezeka kangapo azizima. Chigawo chonse chinada bii. Kodi eni ake anataya makina amphepo? Ayi ndithu. Anasintha katcheredwe kake kuti azipirira kugwedezeka, ndipo mu 2017 anamanga batire lalikulu la mamegawati 100 ku Hornsdale, limene limayankha sekondi isanathe magetsi akayamba kutsika.

Tsono tibwere kwathu kuno. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la ku Kapichira, ndipo tinataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mukukumbukira mmene owotcherera zitsulo, ometa ndi azigayo anakhalira manja lende, ndi mmene zipatala zinadalirira majenereta. Apo tinaphunzira kuopsa koika moyo wa dziko lonse pa mtsinje umodzi. Anzathu a ku Zambia anaphunzira zomwezo mu 2024 pamene chilala chinaphwetsa madzi a ku Kariba. N'chifukwa chake ine ndimakondwera ndi masola a mamegawati 60 amene anatsegulidwa ku Salima mu 2021, ndi a mamegawati 20 a ku Golomoti amene anatsatira mu 2022. Koma walira mvula walira matope. Mamegawati 60 m'dziko lamagetsi ochepa ngati lathu ndi gawo lalikulu, moti mtambo umodzi wodutsa ku Salima umamveka mpaka ku Nkula. Komanso dzuwa limalowa nthawi yeniyeni imene amayi akuyatsa makuka ndipo ana akutsegula mabuku.

Nanga tichitenji? Ndili ndi mfundo zinayi.

Yoyamba ndi mabatire. Masola a ku Golomoti anamangidwa pamodzi ndi batire la mamegawati 5, ndipo njira yake ndi imeneyo. Aliyense wofuna kumanga masola akuluakulu afunsidwe kuti mtambo ukabwera adzachita chiyani, ndiponso kuti makina ake adzapirira mawaya akagwedezeka kapena adzathawa.

Yachiwiri ndi kulumikizana ndi anansi. Mayiko a kumwera kwa Africa anakhazikitsa mgwirizano wogulitsana magetsi wa SAPP mu 1995, koma kwa zaka zambirimbiri ife tinali ngati chilumba. Mu 2022 inayambika ntchito yokoka mawaya a mphamvu ya 400 kV kuchoka ku Matambo m'chigawo cha Tete kudzafika ku Phombeya m'boma la Balaka. Phindu la mawaya otero si kugula magetsi kokha. Wolumikizana ndi anzake amatsamira pa zigudumu zawo, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Yachitatu ndi kusamala Shire. Masola sabwera kudzapha makina amadzi. Awiriwa ndi othandizana, dzuwa kugwira ntchito masana, madzi kulandira madzulo. Koma tikapitiriza kudula mitengo m'mapiri ndi kulima mpaka m'mphepete mwa mitsinje, matope ndi namasupuni zidzatsamwitsa makina omwe tikuwadalirawo.

Yachinayi ikukhudza inu ndi ine. Ambiri mwabwera ndi ndalama pang'ono ndipo mukuika masola padenga. Chonde, itanani mmisiri wachiphaso. Sola kapena jenereta yolumikizidwa mwachisawawa imatha kubweza magetsi m'mawaya a mumsewu pamene athimitsidwa, n'kupha mwana wa mwini amene wakwera polo kuti akonze. Safunsa anadya phula. Ndiponso amene amaba mafuta ndi waya wa kopa m'mathiransifoma sachokera kumwamba. Amagona m'makomboni mwathu momwemu, ndipo ogula katunduyo timawadziwa. Kukhala chete n'kuba nawo.

Pomaliza, tisamangoombera m'manja pamene akuluakulu akudula riboni. Tifunse a ESCOM, a EGENCO ndi a MERA mafunso olunjika: mwasunga mphamvu yochuluka bwanji yodikirira ngozi? Makina aakulu atazima usiku uno, ndani adzayambe kudulidwa, ndipo chipatala chili pa mzere uti? Magetsi onse akathima m'dziko, tiziuzidwa chifukwa chake poyera, monga a ku Mangalande anasindikiza lipoti la ngozi ya 2019 kuti aliyense awerenge. Bilu timalipira ndife, ndipo mayankho ndi athu.

Dzuwa Mulungu anatipatsa laulere. Mawaya, mabatire ndi amisiri odziwa ntchito n'zofuna ndalama ndi khama, ndipo popanda izo dzuwalo lidzatiwalira masana n'kutisiya mumdima usiku.