Kodi Timu ya Mpira Mwini Wake Ndani?

Lero tikamba za mpira wa miyendo, ndipo funso lathu ndi ili: kodi timu ya mpira mwini wake ndani? Pomvera mpira pa wailesi mumamva maina monga Nkana, Green Buffaloes, Zanaco ndi ZESCO United. Timu iliyonse imafuna mipira, nsapato, malaya, bwalo, galimoto ndi malipiro a osewera. Amene alipira zonsezi ndiye ali ndi mau pa timuyo, ndipo m'dziko lathu eni matimu akhala akusintha monga momwe chuma cha dziko chasinthira.

Matimu ambiri akale a dziko lino anabadwira kumigodi. M'nthawi ya atsamunda makampani a mkuwa anasonkhanitsa amuna ochuluka ochokera kumidzi yakutali, ena mwa iwo ochokera kuno kum'mawa. Eni migodi anaona kuti munthu akaweruka ku ntchito afunika chomsangalatsa, motero anasalaza mabwalo nagula mipira ndi malaya. Ku Kitwe kunayambika Rhokana United mu 1935, imene lero tiitcha Nkana, ndipo dzina lakalelo linali la kampani ya mgodi. Ku Mufulira timu ya mgodi inayamba mu 1953, ndiyo Mufulira Wanderers. Ku Chingola kunali Nchanga Rangers, ku Luanshya Roan United. Pamene mpikisano wa dziko lonse unayamba mu 1962, Roan United ndiyo inapambana.

Wosewera wa masiku amenewo anali wantchito wa kampani. Anali ndi nyumba m'komboni ya mgodi ndi malipiro a pamwezi, ndipo ankaloledwa kuweruka msanga kuti akakonzekere masewera. Ana a m'komboni nawonso ankaphunzira mpira m'mabwalo a kampani. Kalusha Bwalya, amene anasankhidwa kukhala katswiri wa Africa yense mu 1988, anakulira ku Mufulira nasewera m'timu ya Wanderers asanapite ku Belgium. Ngakhale ku England matimu ena anayambira pa ntchito: Manchester United inayambidwa ndi antchito a njanji mu 1878, ndipo Arsenal ndi antchito osula zida za nkhondo mu 1886.

Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, zinthu zinatembenuka. Mu 1969 Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 aliwonse a migodi, ndipo mu 1982 makampani awiri a migodi anaphatikizidwa kukhala ZCCM. Tsono matimu a kumigodi anali m'manja mwa kampani ya boma. Nthambi zina za boma zinali ndi matimu awonso. A njanji anali ndi Kabwe Warriors, kumene Godfrey Chitalu ankasewera pamene anamwetsa zigoli 107 m'chaka cha 1972. Asilikali anali ndi timu imene tiidziwa ndi dzina la Green Buffaloes, yomwe inatenga ukatswiri wa dziko zaka zitatu zotsatana, 1973, 1974 ndi 1975. Asilikali a ndege ali ndi Red Arrows, apolisi ali ndi Nkwazi. Power Dynamos inayamba mu 1971 mothandizidwa ndi kampani yopereka magetsi kumigodi, ndipo mu 1991 inabweretsa chikho cha Africa kuno kwathu itagonjetsa BCC Lions ya ku Nigeria.

Koma timu yodalira thumba limodzi imadwala pamene thumbalo ladwala. Mtengo wa mkuwa unagwa kuyambira 1975, ZCCM inalowa m'mavuto, ndipo migodi inagulitsidwa kwa makampani apadera, ntchito imene inatha m'chaka cha 2000. Eni atsopanowo anadzera mkuwa, motero ndalama za masewera zinachepa, mabwalo anayamba kuonongeka, osewera abwino anachoka. Mufulira Wanderers, imene inali itatenga ukatswiri kasanu ndi kanayi, komaliza mu 1996, inatsikira m'gulu lapansi nikhalamo zaka zambiri. Ukatswiri unasamukira kumene kunali ndalama: Zanaco, timu ya banki, inautenga koyamba mu 2002, ndipo ZESCO United, ya kampani ya magetsi, mu 2007. Patapita nthawi eni migodi anayambanso kuthandiza matimu ena, ndipo Nkana inapambananso mu 2013.

Anansi athu a ku Malawi aona zofanana ndi zimenezi. Timu yotchuka ya ku Blantyre inatchedwapo Bata Bullets, kenaka Total Big Bullets, kenaka Bakili Bullets, kenakanso Nyasa Big Bullets. Dzina linkatsata wopereka ndalama, koma ochemerera anakhala omwewo, makolo nasiyira ana awo chikondi cha timuyo.

Masiku ano matimu ambiri a ku Ulaya amagulidwa ndi anthu olemera monga momwe munthu agulira sitolo. Banja la Glazer la ku America linagula Manchester United mu 2005, ndipo ochemerera ena anaipidwa kwambiri kotero kuti anayamba timu yawoyawo, FC United of Manchester. Palinso njira ina. Barcelona ya ku Spain eni ake ndi mamembala, amene amasonkha ndalama chaka ndi chaka nasankha okha mtsogoleri wawo. Ku Germany kuli lamulo lakuti m'matimu ambiri mamembala akhale ndi mavoti oposa theka, kuti wachuma mmodzi asachite ndi timu monga afunira.

Tsono tiyeni tione timu ya pamudzi panu kapena ya pasukulu panu. Mwina mpira anagula ndi mwini sitolo, mwina malaya anapereka ndi munthu wofuna mavoti pa nthawi ya chisankho. Mphatso zotere tiyenera kuziyamika, koma dzifunseni: wopatsayo akasamuka kapena akakwiya natenga mpira wake, kodi timu idzaseweranso? Anyamata ndi atsikana amene agwira ganyu wopalira chimanga kapena wotola thonje, nasonkha ndalama, nasankha msungichuma ndi kulemba zonse m'buku, ali ndi timu imene munthu mmodzi sangaiphe. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Thandizo lochokera kunja lidze, koma lipeze eni ake ali kale pa ntchito.

Aphunzitsi, mukatha phunziroli athandizeni ana kuchita izi. Choyamba, aloze pa mapu a Zambia matauni a Kitwe, Mufulira, Chingola, Luanshya ndi Kabwe, natchule timu ya tauni iliyonse. Chachiwiri, afotokoze chifukwa chimene matimu a kumigodi anafookera migodi itagulitsidwa. Chachitatu, alembe zonse zimene timu ya sukulu yanu ili nazo, amene anazigula, ndi amene amazisunga. Pomaliza akafunse akuluakulu a pamudzi amene anagwirapo ntchito kumigodi za matimu a masiku awo, adzafotokozere anzawo m'kalasi. Tsalani bwino.