Pabwalo Pathu ndi Thanzi la Ana Athu

Tonse timadziwa kulira kwa tsache m'mamawa. Amayi athu anatiphunzitsa kusesa pabwalo mpaka payere, ndipo anali ndi chifukwa: pamalo osesa bwino njoka ndi zinkhanira zimasowa pobisala. Zimenezo sitikutsutsa ayi. Koma masamba amene tasesawo timawatani? Timawaunjika pamodzi ndi mapepala apulasitiki, n'kuyatsa moto. Utsiwo umalowa m'nyumba mmene mwagona khanda, kapena agogo odwala mphumu. Ikabwera mphepo ya mu Ogasiti, fumbi la pabwalo lopanda mtengo limawonjezera pomwepo, ana n'kumangotsokomola.

M'buku la Genesis, mutu 2, timamva kuti ntchito yoyamba imene Mulungu anapatsa munthu inali yosamalira munda. Kwa ife munda umenewo umayambira pakhomo penipeni.

Masamba aja tiziwaponya m'dzenje, tiwonjezere ndowe ndi phulusa pang'ono, tikwirire ndi dothi. Ikapita miyezi ingapo asanduka manyowa a ndiwo zathu, osatulutsa ndi khobiri lomwe.

Tsopano tizungulire kuseri kwa bafa, kumene alendo sitiwaonetsa. Madzi osamba akamadikha pamenepo amaitana ntchentche ndi udzudzu. Tikumbe kangalande, kumapeto kwake tibzale nthochi. Nthochi imamwa madzi ambiri, ndipo idzatibwezera mkoko wonse. Koma udzudzu wa malungo umakonda makamaka madzi a mvula odikha padzuwa, monga m'maenje aja tinakumba poumba njerwa n'kuwaiwala. Kukatentha, dzira lake limasanduka udzudzu wouluka m'sabata imodzi kapena ziwiri zokha. Kukwirira dzenje lotere ndi ntchito ya tsiku limodzi, pomwe malungo a mwana amatilanda masiku ambiri a kumunda, osanena za ulendo wa ku chipatala. Neti nayo tisaisiye.

Ambiri a ife tinadula mango wa pakhomo ati masamba ake amadetsa pabwalo. Lero mu Okutobala timakhala pakhonde thukuta lili kamukamu. Mvula ikayamba tibzalenso mango, gwafa, papaya ndi cham'mwamba, amene masamba ake ndi ndiwo zabwino kwa ana ndi amayi oyamwitsa. Mitengo ikuluikulu ikhale patali pang'ono ndi khoma, mizu ingang'ambe nyumba. Ndipo mbande iliyonse tiitchingire ndi minga tsiku lomwelo, poti mbuzi za m'mudzi muno sizidikira mawa.