Zimene Timataya mu Shire Zimathera Kuti?

Pamene tinamva kuti lero tikambirane za nyanja ya mchere, ena mwa ife tinadabwa. Tinati: kodi ife Amalawi nyanja imeneyi ikutikhudza bwanji, poti ambiri a ife sitinaionepo ndi maso? Tiyeni tiyambe ndi kutsata madzi athu omwe.

Mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja ya Malawi ku Mangochi, nudutsa Liwonde, Chikwawa ndi Nsanje, kenaka nkuthira mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Zambezi nayenso amakathira m'nyanja ya India kufupi ndi Chinde. Kotero jumbo imene yatayidwa mu mtsinje wa Mudi ku Blantyre ili ndi njira yokafikira kumeneko. Pulasitiki saola. Amangoduka tizidutswa timene nsomba zimameza, ndipo akamba a m'nyanja amafa atadya majumbo poganiza kuti ndi chakudya. Boma lathu linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019. Koma tonse tikudziwa kuti majumbo sanasowe pamsika. Timawalandira ndife tomwe.

Tsono taonani zimene zimachitika pamathiriro a Zambezi. Pamenepo pali nkhalango za mitengo yomera m'matope a madzi a mchere, imene amaitcha mangrove. Mizu yake ndiyo chikuta cha nyanja: m'menemo mumakulira ana a nsomba, nkhanu, ndi tizilombo todyedwa timene anzathu a ku Mozambique amatitcha camarão. Tizilomboti takhala tikubweretsa ndalama zakunja m'dziko lawo ndi kudyetsa mabanja ambiri a asodzi. Kale madzi osefukira ankabwera chaka ndi chaka ndi dothi lachonde, nakankhira tiana ta camarão kunyanja pa nthawi yake. Damu la Cahora Bassa litatsekedwa mu 1974, kusefukirako kunachepa, ndipo akatswiri anapeza kuti camarão wogwidwa kugombe la Sofala anatsika. Magetsi ndi abwino, sitikukana. Koma msodzi wa ku Chinde sanafunsidwe maganizo ake. Pamwamba pa izi, mitengo ija ikudulidwa kuti apeze makala ndi milimo, monga momwe ife tikuchitira ndi mapiri athu.

Palinso kupha nsomba mopyola muyeso. Zombo zikuluzikulu zimakoka makoka pansi penipeni pa nyanja, kukokolola chilichonse, ndipo nsomba zimene sakuzifuna amazitaya zitafa kale. Ku Canada boma linaletsa kupha nsomba ya cod kugombe la Newfoundland mu 1992 itatsala pang'ono kutha, ndipo anthu zikwizikwi anataya ntchito nthawi imodzi. Ife izi sitingazione zachilendo. Funsani akuluakulu a ku Malombe za chambo chimene ankapha kale.

Koma vuto limene latipweteka kwambiri ndi lakutentha. Utsi wa m'mafakitale, wa magalimoto ndi wa nkhalango zootchedwa ukutenthetsa dziko, ndipo gawo lalikulu la kutenthako, pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10, likulowa m'madzi a nyanja. Mu 1998 madzi a nyanja ya India atatentha, matanthwe amoyo otchedwa korali, momwe nsomba zimaswanirana, anayera mbuu ndi kufa m'malo ambiri. Ndipo namondwe amatenga mphamvu zake m'madzi otentha. Idai anagwetsa mzinda wa Beira mu 2019. Freddy anayenda pa nyanjayi kwa masabata oposa asanu mu 2023 asanatipeze kuno, ndipo anthu mazanamazana anafa ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Nsanje. Akatswiri akuti nyanja ikamatentha, mvula ya anamondwe otere imachuluka. Utsi wochuluka suchokera kwa ife, koma maliro tinaika ndife.

Nchifukwa chake nkhaniyi ndi ya ufulu ndi udindo wathu ngati nzika. Tili ndi ufulu wofunsa phungu wathu ndi khansala chifukwa chake zinyalala za m'misika zikuthera m'mitsinje, ndiponso chimene nthumwi zathu zimakanena kumisonkhano ya maiko yokambirana za kusintha kwa nyengo.

Tikagawana m'magulu, gulu lililonse litchule mtsinje umene uli pafupi ndi mudzi wake, liunike zimene zimatayidwamo, ndipo lisankhe munthu mmodzi wokaonana ndi amfumu sabata lisanathe.