WAPOLISI NAYE NDI WANCHITO: MAU KWA A CIPANI A KU KATETE, SINDA NDI VUBWI

Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya maola amene apolisi athu agwira nchito, ndi malipiro a maola oonjezera, amene ambiri timati ovataimu.

M'caka ca 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la za nchito lochedwa Employment Code Act. Lamulolo linati munthu akapitirira maola 48 pa sabata, ola lililonse loonjezera alipidwe ndalama za ola limodzi ndi theka. Kwa mlonda malire anaikidwa pa maola 60. Wogwira pa tsiku lake lopumula alandire kawiri.

Koma lamulo lomwelo linapatula asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende. Lamulo la 1993 la mabungwe a anchito nalonso silinawaphatikize. Motero mphunzitsi ali ndi bungwe lomlankhulira, koma wapolisi alibe.

Tsono taonani kukula kwa nchito m'dera lathu. Mseu wa Great East Road udutsa Sinda ndi Katete, ndipo magalimoto saleka usana ndi usiku. Pa cipata ca Chanida palowa katundu wocokera ku Mozambique. Vubwi, imene inakhala boma m'caka ca 2012 monganso Sinda, ili m'malire a Malawi ndi Mozambique. Mwezi wa August khamu la Acewa a maiko atatu lisonkhana ku Mkaika kudzalamba Kalonga Gawa Undi. Akuba ng'ombe nawo ayenda usiku. Apolisi akacepa, amene anacezera ndiye apitirizanso m'mawa. Ndipo wapolisi wotopa afika mocedwa, khola lili kale lopanda kanthu. Wotaya ndi mlimi.

Cifukwa cace ndikupemphani zinthu zitatu.

Coyamba, musalipire wapolisi kucokera m'thumba mwanu, ngakhale anene kuti wagwira usiku wonse. Cimeneco ndi ciphuphu, ndipo wosauka ndiye amene cimpweteka.

Caciwiri, lankhulani m'malo mwa iwo amene alibe bungwe. Uzani makhansala ndi aphungu anu kuti mufuna apolisi okwanira, osinthana pa nthawi yace, odziwitsidwa msanga nthawi ya nchito ikasintha. Malipiro a anchito a boma aikidwa ndi bungwe la Emoluments Commission, limene lamulo lace linakhazikitsidwa m'caka ca 2022. Aphungu afikitse nkhani ya maola oonjezera kumeneko.

Cacitatu, pepukitsani katundu wao. Limbikitsani magulu olonda m'midzi, ndipo ng'ombe zacilendo zikadutsa, dziwitsani mfumu ndi apolisi nthawi yomweyo. Mutu umodzi susenza denga.

Bwererani ku nthambi zanu mukafotokoze mau awa kwa onse amene sanafike. Dziko limodzi, mtundu umodzi!