KHUNYU NDI MATENDA A KUKHUMUDWA

Lero tikambirane za munthu wodwala khunyu pakhomo panu, kaya ndi mwana, kaya ndi bambo, kaya ndinu eni ake.

Khunyu ndi matenda a m'bongo. Angayambe chifukwa cha malungo aakulu ofika ku bongo, kuvulala kwa mwana pobadwa, matenda oumitsa khosi, kapena kuvulala m'mutu. Si ufiti, ndipo sapatsirana kudzera m'malovu kapena mpweya wa wodwalayo. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti odwala 7 mwa 10 alionse angathe kuleka kugwa ngati alandira mankhwala oyenera.

Koma pali nthenda ina imene imayenda limodzi ndi khunyu, ndiyo matenda a kukhumudwa. Pafupifupi wodwala khunyu mmodzi mwa anayi alionse ali nawo. Zifukwa zake n'zitatu. Choyamba, mbali za bongo zimene khunyu imagwira ndi zomwenso zimalamulira chimwemwe ndi chisoni. Chachiŵiri, wodwala amasalidwa: amampatsa mbale yakeyake, amamchotsa pa sukulu, ena banja limawathera. Chachitatu, mankhwala ena, makamaka phenobarbitone, amawonjezera kukhumudwa mwa anthu ena.

Kodi mungazindikire bwanji? Yang'anani zizindikiro izi ngati zapitirira masabata aŵiri: chisoni cha tsiku ndi tsiku, kusakondwanso ndi zimene ankakonda, kusoŵa tulo kapena kugona mopitirira, kusafuna kudya, kufooka, ndi kudziona ngati wachabechabe. Mwana amapsa mtima msanga, amaleka kuseŵera ndi anzake, ndipo amakana kupita ku sukulu. Umenewu si ulesi kapena mwano.

Kuopsa kwake n'kwakuti munthu wokhumudwa amaiŵala kapena kutaya mtima pa kumwa mankhwala. Akaleka mankhwala amagwa kaŵirikaŵiri, ndipo akamagwa kaŵirikaŵiri chisoni chimakula. Ena amayamba moŵa, umene umawonjezeranso kugwa.

Tsono muchite izi. Khalani naye pansi, mumfunse za mumtima mwake, ndipo mumvetsere osamdzudzula. Adye nanu mbale imodzi, apite nanu ku tchalitchi, ku mzikiti ndi ku maukwati. Muzimkumbutsa mankhwala nthaŵi yomweyomweyo tsiku lililonse. Musaleketse mankhwala panokha, pakuti kuleka mwadzidzidzi kumabweretsa kugwa koopsa kosalekeza. Pokatenga mankhwala, kafotokozereni adokotala kapena anamwino za chisonicho. Iwo angathe kusintha mankhwala, kupereka uphungu, kapena kuwonjezera mankhwala a kukhumudwa ogwirizana ndi a khunyu.

Wodwala akanena zofuna kudzipha, musayese nthabwala. Musamsiye yekha, bisani mankhwala ophera tizilombo ndi zingwe, sungani mapiritsi ake inuyo, ndipo pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo.

Inu amayi amene muli ndi khunyu, musadzione ngati osayenera kulera. Pitirizani kuyamwitsa, mutakhala pansi pa mphasa. Posambitsa mwana pakhale munthu wina pafupi, ndipo musaphike mwana ali kumsana. Ngati mtima wakhala wolemera kuyambira pamene munabereka, tiuzeni lero lomwe musanabwerere kunyumba.

Kukhumudwa kumachizika. Mukabwera ku sikelo mwezi wamaŵa, bwerani ndi m'bale amene mwamganizira pamene timakambirana.