Mpweya wa Mbaula Pakati pa Nyenyezi



M'mwezi wa June kuno ku Libala kumazizira, ndipo madzulo ambiri a inu mumaotha mbaula. Makala akakwiririka ndi phulusa moto suoneka, komabe dzanja limamva kutentha. Kutenthako ndi kuwala kumene maso athu sakuona. Akatswiri amakutcha infrared, ndipo anakutulukira ndi William Herschel mu 1800.

Usiku magetsi akazima, kumwamba kumaoneka mkwasa woyera wa nyenyezi. Umenewo ndi Mlalang'amba, mudzi wa dzuwa lathu. Milalang'amba ina iliko yosawerengeka. Mu 1983 chombo cha m'mlengalenga chotchedwa IRAS chinapeza kuti ina, yooneka yozilala, ikuyaka koopsa m'kuwala kwa infrared. Wotchuka ndi Arp 220, milalang'amba iwiri imene inagundana. Kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 250 miliyoni kuti kutifike. Pakatikati pake nyenyezi zatsopano zikubadwa mochuluka, koma fumbi lazikwirira monga phulusa lija.

Nyenyezi zimapangika kuchokera ku mpweya wa hydrogen. Vuto nlakuti mpweyawu ukazizira suonetsa chizindikiro. Choncho akatswiri amafunafuna mnzake woyenda naye, carbon monoxide, amene amatulutsa mafunde onga a wailesi, aatali mamilimita 2.6. Anaupeza koyamba m'mlengalenga mu 1970.

Mpweya umenewu, ananu, ndi womwewo umene umatuluka m'mbaula. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Munthu amamva mutu, nkugona, osadzukanso. Mabanja ataya ana chifukwa chogona ndi mbaula m'chipinda chotseka. Musanagone, itulutseni panja. Aphunzitsi, bwerezani mawu amenewa m'kalasi.

Tibwerere ku Arp 220. Ku chipululu cha Atacama, m'dziko la Chile, kuli mbale zikuluzikulu 66 zotchedwa ALMA, zimene zimatchera mafunde aja. Kupatula carbon monoxide, zamvanso hydrogen cyanide, poizoni amene amayi amachotsa poviika chinangwa chowawa m'madzi. Ameneyu ndiye amandisangalatsa ine, pakuti amaonekera bwino pamene mpweya wathithikana kwambiri. Akatswiri akamuona wochuluka pakati pa mlalang'amba, amadziwa kuti pamenepo mpweya wapanikizana mokwanira kubala nyenyezi, ngakhale kuti nyenyezizo fumbi lazibisa.