Pangano la nyukiliya: ndi chikole kapena ndi ukwati?

 Amene mukumvera pa wailesi ya mabatire chifukwa malaiti apita, musasunthe, nkhani ya lero ndi yanu.

Dzuwa la Okutobala likangopsa chonchi, madzi n'kutsika ku Kariba, makalata odandaula za magetsi amachuluka pano. Bambo wina wowotcherera zitsulo ku Kapata, kuno ku Chipata, wafunsa kuti, paja boma linasainirana ndi dziko la Russia kuti litimangire magetsi a nyukiliya, nanga magetsiwo ali kuti? Mayi wina wa ku Mchini, amene nkhuku zake zogulitsa zimaonongekera mufiriji, wafunsanso chimodzimodzi, koma iwo aonjezera kuti ngati zinthuzo n'zophulika, bola zikhale komweko. Mafunso onse awiri ndi abwino. Chimene chimanditopetsa ine ndi mauthenga a pa WhatsApp. Anthu akangoona chithunzi cha akuluakulu awiri ovala masuti, mbendera kumbuyo, akugwirana chanza, basi uthenga wayamba kuzungulira kuti mavuto a malaiti atha. Abale anga, mwana wanu wamkazi akalandira chikole, kodi mumayamba kugula matewera a mdzukulu?

Mapangano a maiko pa nkhani ya nyukiliya amayenda ngati mmene ukwati umayendera kwathu kuno. Pamakhala kufunsira mbeta, pamakhala chikole, ankhoswe amakumana, a kuchimuna amapereka zofunika kupereka, ndiyeno ukwati. Pa sitepe iliyonse zinthu zikhoza kuima, ndipo nthawi zambiri zimaimadi.

Tiyeni tione zathu. Mu 2015 ndi 2016 mvula inavuta, magetsi anazima kwambiri, ndipo boma la Pulezidenti Edgar Lungu linayamba kuyang'ana kwina. Mu Meyi 2016, ku Moscow, Zambia ndi Russia anasainirana pangano logwirizana pa kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu ya nyukiliya pa zamtendere. M'pangano lotere simukhala mtengo wa chinthu, simukhala tsiku loyamba kukumba maziko. Limangotsegula khomo kuti maiko awiriwo azikambirana, aziphunzitsana ndi kugulitsana zipangizo mwalamulo. Uko n'kufunsira mbeta. Kumapeto kwa chaka chomwecho kunasainidwa timapepala tina totchedwa MOU ndi kampani ya boma la Russia ya Rosatom, ndipo achinyamata athu ena anapita kukaphunzira za nyukiliya ku mayunivesite a ku Russia. Mu Febuluwale 2017 maboma awiriwa anagwirizana zomanga malo a kafukufuku wa sayansi ya nyukiliya, ndipo mu Meyi 2018, mumzinda wa Sochi, anasaina kontirakiti yomangira malowo ku Chongwe. Amene mumakwera basi ya ku Lusaka mumadutsa pa Chongwe mutatsala pang'ono kufika. Apo tinganene kuti chikole chinaperekedwa.

Tsopano bambo a ku Kapata, imani kaye pamenepa, chifukwa apa ndi pamene ambiri amaphonya. Chimene anapangana kumanga ku Chongwe sichinali chopangira magetsi. Anali makina otchedwa reactor, aang'ono, a mamegawati 10, a kafukufuku. Mamegawati 10 amenewo ndi kutentha kwa m'kati mwake, sikuti ndi magetsi olowa mumawaya a ZESCO ayi. Ntchito yake inali kupanga mankhwala opimira ndi kuchizira khansa, kuunika zakudya ndi cheza kuti zisaonongeke msanga, ndi kuphunzitsira akatswiri. Ngakhale akanamaliza kumanga mawa, makina anu owotcherera sakanaona kusintha kulikonse. Nyumba yaikulu yopangira magetsi, ya mamegawati oposa 2,000, inali maloto a m'tsogolo, ndipo ya imeneyo kontirakiti yomangira sinasainidwe.

Ndibwereze, chifukwa ndikudziwa kuti wina anali kukatunga madzi. Ku Chongwe kunali kwa kafukufuku ndi mankhwala. Za magetsi zinali zongolankhulidwa.

Nanga za ku Chongwezo zinathera pati? Zinakakamira pa ndalama. Mu Febuluwale 2020 mtsogoleri wa nyumba yaikulu ya malamulo ya ku Russia, mayi Valentina Matviyenko, anabwera ku Lusaka, ndipo ananena poyera kuti kuyamba kwa ntchitoyo kunaimitsidwa chifukwa cha nkhani za ndalama. Mu Novembala chaka chomwecho dziko lathu linalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa ngongole ya Eurobond. Munthu amene akulephera kubweza ngongole ya kugolosale, ndani angamukongoze ng'ombe za malobolo? Komanso eni nthaka anali ndi mawu awo. Mfumu yaikulu ya Asoli, mayi Nkomeshya Mukamambo II, inakana kuti zinthuzi zimangidwe m'dera lake. Chomwecho chikole chilipo, koma ukwati sunachitike.

Sitepe imene ndikufuna muigwiritse ndi iyi ya ankhoswe ndi ndalama, pakuti ndi pamene pangano limakhala lamoyo kapena lakufa. Malamulo aakulu a dziko lino, monga anakonzedwera mu 2016, amati Nyumba ya Malamulo iyenera kuvomereza mapangano a pakati pa maiko asanakhazikitsidwe, ndiponso iyenera kuvomereza ngongole ya boma isanatengedwe. Aphungu ndiwo ankhoswe athu. Nduna ikhoza kusaina ndi cholembera chagolide, koma ngati ankhoswe sanakhale pansi, ameneyo ndi ukwati wolowana.

Musaganize kuti ndikungolankhula zamabuku. Ku South Africa zinachitika. Mu 2014 boma la Jacob Zuma linasainirana ndi Russia pangano lokhudza pulani yomanga magetsi a nyukiliya a mamegawati 9,600. Mabungwe awiri osakhala a boma, Earthlife Africa ndi SAFCEI, anakasuma. Mu Epulo 2017 khoti lalikulu la ku Cape Town linagamula kuti panganolo n'losemphana ndi malamulo, chifukwa linapititsidwa ku Nyumba ya Malamulo m'njira yozemba chivomerezo cha aphungu. Linathera pomwepo. Ndipo ili ndi dziko lokhalo mu Africa limene lili kale ndi magetsi a nyukiliya, ku Koeberg, amene kampani ya ku France inamanga ndipo anayamba kugwira ntchito mu 1984. Iwo amene akuidziwa ntchitoyi anapunthwa pa sitepe ya ankhoswe.

Kumene ukwati unafika pachimake ndi ku Egypt. Kumeneko, pamalo otchedwa El Dabaa, Rosatom ikumanga ma reactor anayi, lililonse la mamegawati 1,200. Anasainirana mu 2015, konkiriti yoyamba inathiridwa mu 2022. Werengani zaka zimenezo nokha. Ndipo ndalama zake ndi ngongole ya madola 25 biliyoni yochokera ku Russia komweko. Ndiye mukamva kuti dziko lakutilakuti latithandiza nyukiliya, funsani kuti thandizolo ndi mphatso kapena ndi ngongole imene adzukulu anu adzabweze.

Ndinakonza zoti tsopano ndifotokoze za zinyalala za nyukiliya, koma ndikumva kale wina pamsika wa Kapata akung'ung'udza kuti, "Akulu awa amangodana ndi chitukuko. Mu 2024 tinkakhala maola 21 opanda malaiti, iwo akuti tizingodikira mvula?" Ndiyankhe zimenezi kaye.

Ayi, sindikuti tizidikira mvula. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse, chinationetsa kuti kudalira madzi pa magetsi opitirira magawo 80 pa 100 alionse n'kuika mutu pampeni. Nyukiliya ili ndi ubwino wake weniweni. Siyang'ana kumwamba, imagwira usana ndi usiku, ndipo situlutsa utsi ngati wa malasha a ku Maamba. Koma pali zinthu ziwiri zimene okonda kuombera m'manja safuna kumva. Choyamba, bungwe loona za nyukiliya padziko lonse la IAEA limati dziko longoyamba kumene limafunika zaka 10 mpaka 15 kuti lifike poyatsa magetsi oyamba. Mwana wobadwa lero adzakhala ali kusekondale. Chachiwiri ndi kukula kwa mawaya athu. Magetsi onse amene dziko lino lingapange, madamu onse atadzaza, ndi mamegawati pafupifupi 4,000. Reactor imodzi ya mtundu wa ku Egypt ndi 1,200, kuposa Kariba yonse ya kumbali yathu, imene ndi 1,080. Akatswiri amalangiza kuti makina amodzi asamapose gawo limodzi mwa magawo khumi a magetsi onse a dziko, chifukwa tsiku limene azima mwadzidzidzi amagwetsa dziko lonse mumdima. Ife kuno kum'mawa, amene magetsi athu amayenda ulendo wautali pa waya wochokera ku Pensulo kudzera ku Msoro, tikudziwa chimene chimachitika chinthu chimodzi chikaduka. Komanso reactor imafuna madzi ambiri oziziritsira, ndiye sikuti chilala sichiikhudza konse. Choncho bambo, nyukiliya tiikambirane, koma ya malaiti a chaka chino yankho lili pa dzuwa, pa mawaya olumikizana ndi maiko oyandikana nafe, ndi pa kusamala amene alipo.

Tibwerere kwa mayi a ku Mchini ndi mantha awo a bomba. Amayi, mantha anuwo ndiwo anabala mapangano onsewa. Bomba limene linagwa ku Hiroshima mu 1945 linapangidwa ndi yuraniyamu amene wambiri anakumbidwa kwa aneba athu, ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga. America, Britain ndi Canada anagwirira limodzi ntchitoyo potsatira pangano la ku Quebec la mu 1943. Koma nkhondo itangotha, mu 1946, America inakhazikitsa lamulo loletsa kugawana zinsinsi za nyukiliya ndi dziko lililonse, ngakhale Britain bwenzi lake lapamtima. Anadzayambanso kugawana mu 1958, Britain itaphulitsa kale bomba lakelake. Pa nkhani iyi ubwenzi wapakamwa sugwira ntchito, chilichonse chimalembedwa. Ndiye mu 1974 India inaphulitsa bomba pogwiritsa ntchito zotuluka mu reactor imene Canada inapereka kuti ikhale ya zamtendere. Kuchokera pamenepo maiko ogulitsa zipangizozi anamangitsa malamulo. Lero aliyense wokugulitsa reactor, kaya ndi Russia, America, China kapena France, amafuna ulonjeze kuti sudzapangira zida, ndipo oyendera a IAEA ochokera ku Vienna azibwera kudzawerenga chilichonse. Zambia ndi membala wa IAEA kuyambira 1969, inalowa m'pangano loletsa kufalitsa zida za nyukiliya mu 1991, ndipo ili m'pangano la Pelindaba limene limaletsa zida zotere mu Africa monse. Kwathu kuno woyang'anira zonse zotulutsa cheza ndi bungwe la Radiation Protection Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2005. Makina a ekisire a kuchipatala amene munajambulidwapo chifuwa, ndi iwowo amawapatsa chilolezo.

Ndipo mgwirizano wa nyukiliya umene unabala kale zipatso mukuudziwa, kungoti simumautchula dzina limenelo. Chipatala cha khansa cha ku Lusaka, chimene chinatsegulidwa mu 2007 nthawi ya Pulezidenti Levy Mwanawasa, chinamangidwa ndi upangiri wa IAEA. Amene munaperekezapo m'bale wanu kuchoka kuchipatala cha Chipata Central kupita kukaotchedwa chotupa ku Lusaka, munakaona nyukiliya ikugwira ntchito. Palibe anajambulitsa chithunzi chogwirana chanza chimene chinazungulira pa foni, koma umenewo ndiwo ukwati umene uli ndi ana.

Ndiye tsiku lina mukadzamvanso pa nkhani kuti tasainirana ndi dziko lakuti, musathamangire kutumiza uthenga kugulu la mpingo. Funsani kuti chasainidwacho ndi MOU, ndi pangano la maboma, kapena ndi kontirakiti yokhala ndi mtengo ndi tsiku. Funsani ngati chapita ku Nyumba ya Malamulo. Funsani wolipira ndani, ndipo ngati ndi ngongole, ya zaka zingati. Phungu wanu akabwera kumsonkhano, m'malo mongomupempha mipira ya timu, mufunseni kuti mafuta a reactor azidzachokera kuti, chifukwa yuraniyamu wokumbidwa ku Kayelekera ku Karonga, kapena amene anapezeka kufupi ndi Siavonga, sangalowe mu reactor asanakakonzedwe kunja, ndipo maiko okhoza kumukonza ndi owerengeka. Amene wakumangira ndiye amakhala wokugulitsa mafuta kwa zaka makumi ambiri, mwakuti ukakwatira mwana wake wakwatira banja lonse. Mufunsenso kuti mafuta otha ntchito, amene amakhala oopsa kwa zaka zikwizikwi, adzabwerera kwa mwini wake kapena adzatsala m'nthaka yathu, ndipo ngozi itachitika wolipira anthu adzakhala ndani. Akayankha kuti zimenezo n'zachinsinsi, mukumbutseni za khoti la ku Cape Town.

Nthawi yandithera, mnzanga wa pamakina akundikodola. Za zinyalala zija, mmene amazisungira ndi chifukwa chake dziko la Finland linakumba pansi mamita oposa 400 kuti lizikwirire, tidzaziyamba sabata yamawa. Amene muli ndi mafunso a mapanelo a sola ndi mabatire ake, pitirizani kulemba, koma chonde tchulani kukula kwa firiji yanu, chifukwa popanda zimenezo sindingakuwerengereni kanthu.